Chala Chimodzi pa Tsiku

Ine ndimanena, koma anthu samva. Musamakhale pansi pa fani tsitsi lili lonyowa. Musamakwere chikepe muli awiri okha ndi munthu wosamudziwa. Musamasaine pepala lomwe mwaliwerenga kamodzi kokha. Mdzukulu wanga pepala lake analiwerenga theka, n'kusaina akuvina.

Mdzukulu wangayu ndimamuitana Kachifuwa. Dzinalo amadana nalo, koma ndi lake ndithu. Anabadwa ndi chifuwa cholira ngati chitseko cha kubafa, ndipo wothamanga naye kuchipatala mayi ake ali kuntchito ndinali ine. Pano ndi wamkulu, wamtali, zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankagwira ntchito m'sitolo ya mafoni, ntchito yabwino, yokhala pampando, denga lili pamutu. Anaisiya tsiku limodzi chifukwa anthu a filimu anamusankha pakati pa atsikana mazana atatu kuti akhale Mayi wa Makiyi.

Mayi wa Makiyi ndimamudziwa kuposa aneba anga. Ali m'buku lonenepa ngati njerwa, lomwe Kachifuwa ankandiwerengera masana a Lamlungu ine ndikuika zigamba pa zovala za m'nyumba. Sukulu sindinaiponde, koma khutu langa ndi thumba losabooka, cholowa sichituluka. Bukulo tinalimaliza katatu.

M'menemo muli phiri la zitseko zisanu ndi ziwiri, ndipo kuseri kwa zitsekozo anatsekerako mphepo zoipa. Woyang'anira zitseko ndi mayi wa zaka makumi asanu, wa ana anayi, wathupi lake, bondo lakumanzere lovuta. Amavala chijasi chofika m'akakolo, cha matumba makumi anayi. M'matumbamo muli machesi, mchere, chingwe, singano, sokosi zapadera, mankhwala a m'mimba, ndi makiyi asanu ndi awiri. Mayiyo amaopa chilichonse, n'chifukwa chake palibe chimamugonjetsa. Anyamata a malupanga amathera pa chitseko chachiwiri. Iye amafika pa chomaliza chifukwa anakumbukira kutenga mafuta othira pa loko. Nditamva koyamba ndinaika singano pansi, n'kunena kuti, "Eya! Amene analemba izi ndi munthu woleredwa."

Ndiye ndinamufunsa Kachifuwa, "Iwe ndi msinkhu wa bango umenewu ukhala bwanji mayi ameneyu? Akumangirira mapilo?"

"Agogo, m'filimu amasinthako pang'ono."

Pang'ono! Mawu amenewo muziwaopa.

Tsiku loyamba ndinamutsatira. Mwana wamkazi sapita yekha kumalo komwe amuna amavala magalasi akuda m'nyumba. Malowo anali shedi yaikulu kuseri kwa depoti ya mabasi, yomwe kale ankasungiramo simenti. M'kati anamangamo phiri la matabwa ndi makatoni opaka penti, ndipo pansi ponse panali nthambo za magetsi ngati njoka zogona. Ndinaponda mosamala, ndikuchenjeza aliyense wodutsa, mpaka mlonda anandiuza kuti ndikakhale pakona. Ndinapeza ndowa pakhomo pa kachipinda kosokera zovala, n'kuigadabuza, n'kukhalapo.

Mwini kachipindako tinkamutcha Mayi Sizasi, chifukwa sizasi yake inkalendewera pakhosi ngati mtanda. Pakamwa pake pankakhala mapini nthawi zonse, moti mawu ankatulukira kumbali. Ndinamuyang'ana akusoka mkanjo wa msilikali, mtima sunandilole.

"Mayi, ulusi umenewo ndi wowola. Msilikali wanuyo akangowerama, aona zonse."

Anangopitiriza kusoka. Msilikali anawerama masana omwewo. Mawa lake Mayi Sizasi anandikankhira mpando ndi phazi, ndipo ndinakhala womuthandiza.

Tsiku loyamba lomwelo ndi lomwe ndinaona chovala cha Mayi wa Makiyi. Anachitulutsa m'kajumbo konga ka buledi. Chinali cha nsalu yofiirira yooneka ngati chikopa, chokhomedwa timabatani tachitsulo m'mphepete. Chakumtunda chinali ngati zikhatho ziwiri. Kasiketi kake kankatha ntchafu isanayambe bwino. Pakati panalibe kanthu, mpweya wokhawokha.

"Ichi n'cha mwana wa ndani?" ndinafunsa.

"Cha mdzukulu wanu."

"Chotsalacho chili kuti?"

"N'chomwechi, agogo."

Ndinachitembenuza uku ndi uku. "Thumba mulibe ngakhale limodzi. Makiyi aziika pati?"

"Makiyi amasunga Kalonga."

"Kalonga uti? M'buku mulibe kalonga."

"Amuwonjezera. Ndi amene amamupulumutsa pa chitseko chomaliza."

"Nanga ana anayi aja?"

"Anawachotsa."

"Bondo?"

"Linachira," anatero Mayi Sizasi, n'kulavulira pini m'dzanja.

Mkulu wa filimuyo anali Bwana Chipewa. Chipewa chake sankavula, ngakhale mutu ukayabwa ankakandira pamwamba pake. Patebulo lake pankakhala buku lija, kapu ya tiyi ili pamwamba. Ine ndinaliyang'anitsitsa. Buku lowerengedwa limatupa mimba, ngodya zake zimapindika, m'mbali mumada ndi zala. Lathu kunyumba limaoneka ngati lagwa m'basi. La Bwana Chipewa linali lafulati, loyera, ngati mwana amene sanatulukepo panja. Ndinaona, n'kusunga.

Kachifuwa atavala kanthu kaja, anapita kwa iye mwaulemu, manja ataphimba pamimba. "Abwana, sizingatheke kutalikitsako pang'ono?"

Bwana Chipewa anayankha mokweza kuti onse amve. "Amene chovalachi chikumuchepera, anene. Atsikana mazana awiri ndi makumi asanu ndi anayi mphambu asanu ndi anayi akudikira foni yanga."

M'basi pobwerera, Kachifuwa anandigwira dzanja. "Agogo, ndakupemphani. Musalankhule kanthu kumene kuja. Mukalankhula andichotsa, ndipo kusitolo analemba kale wina. Ichi ndi chomwe ndakhala ndikufuna chiyambire ndili mwana. Lonjezani."

Ndinalonjeza. Koma ndinalonjeza za pakamwa. Za manja sanandifunse.

Anayamba ndi nkhondo ya mphepo yaikulu. Anabweretsa mafani anayi, lililonse ngati tayala la basi, n'kumuimika mwana wanga pakati, lupanga lili m'manja, lalitali kuposa siketi. Wina ankamuwaza madzi kuti azioneka wathukuta. Bwana Chipewa ankangokuwa, "Tibwereze! Tibwereze!" iye ali mu jekete la zipi mpaka m'khosi. Tsiku lachitatu ndinamva kuseri kwa phiri la makatoni: khoo, khoo. Chifuwa chimenecho ndingachizindikire pakati pa msika. Kumapeto kwake ndi chibayo, ndipo chibayo sichidziwa kuti uyu ndi wa m'filimu.

Ntchito yanga poweruka inali kulandira chovalacho, kuchipukuta, kusoka pomwe pasosoka, n'kuchipachika. Pansi pa tebulo panali katoni ya nsalu zotsala. Madzulo amenewo ndinadula kansalu, mulifupi mwake chala chimodzi, n'kukalumikiza m'munsi mwa chakumtunda chija. China chala chimodzi pa siketi. Msoko ndinaubisa pansi pa timabatani tachitsulo, n'kusunthira mzere wa timabatanito m'munsi. Ngakhale amayi anga akanadzuka sakanaupeza.

Mawa lake chala china. Mkuja china. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Panali munthu wolembedwa ntchito yoona kuti zovala zisasinthe. Anali mlamu wake wa Bwana Chipewa. M'mawa uliwonse ankajambula Kachifuwa ndi foni, n'kuyerekeza ndi chithunzi cha dzulo, diso lina lili pa mpira. Cha dzulo chokha, osati cha dzana. Chala chimodzi pakati pa dzulo ndi lero sichioneka. Mwana akamakula m'nyumba, amene amadabwa ndi mlendo.

Mlungu wachiwiri uli pakati, Bwana Chipewa anatsinzina diso limodzi pa kagalasi kake koonera. "Lero mimba ikuoneka yochepa bwanji?"

Mlamu anayang'ana pa foni. "N'chimodzimodzi ndi dzulo, alamu."

"Ndiye ndi iwe wa kamera. Waipendeketsa." Wa kamera anakalipiridwa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Ndinamumvera chisoni, n'kumupatsa switi ya chifuwa.

Mayi Sizasi yekha ndi amene anasuzumira m'katoni. "Agogo, makoswe a muno ayamba kudya nsalu."

"Makoswe a masiku ano alibe mwambo," ndinatero, maso ali pa singano.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mapini akugwedera pamilomo. Mawa lake ndinapeza katoni itadzaza, nsalu zake zodulidwa kale, chala chimodzi chimodzi.

Mlungu wachitatu ndinayamba manja, kuchokera paphewa kutsikira kuchigongono. Ndinaikanso kathumba kamodzi m'kati mwa siketi. Tsiku lina Kachifuwa akuvala kuseri kwa katani, ndinamva wangoti zii. Kenako mutu unatuluka.

"Agogo. Mchombo wanga uli kuti?"

"Uli pomwe unausiya."

"Agogo!" Ananong'ona, koma maso ali psuu. "Nanga switi izi zalowa bwanji m'siketi yopanda thumba?"

"Kodi ukutsokomolabe?"

Anabweza mutu kuseri kwa katani.

"Ndafunsa, ukutsokomolabe?"

"Ayi. Koma mundiphetsa, agogo. Simukudziwa mmene filimu imapangidwira."

Ine ndinkayesa ndikudziwa. Ndinkaganiza kuti filimu imayenda ngati msewu: mayi akukwera phiri, kukuzizira, chovala chikutalika pang'onopang'ono, woonera aliyense wanzeru n'kuvomereza. Sindinadziwe kuti anthu amenewa amajambula ngati nkhuku yotola chimanga, apa jompho, uko jompho. Zapakati amajambula poyamba, chiyambi pambuyo. Munthu amalowa pachitseko Lolemba, n'kudzatulukira mbali inayo patapita milungu itatu. Ndani akanaganiza zimenezo? Munthu wabwinobwino akalowa pakhomo amatulukira tsiku lomwelo.

Zinaululika Lachisanu masana. Kunali kutatsala chitseko chomaliza chokha kuti ajambule. Anatiitana tonse m'kachipinda ka mayi wina wa magalasi okhuthala, amene ntchito yake ndi kudula zidutswa za filimu n'kuzilumikiza pa kompyuta. Telala ngati ife, kungoti wake ulusi suoneka. Nkhope yake inali ya munthu amene wadya chinthu chowawasa koma sakufuna kulavula pagulu.

"Abwana, onerani nokha," anatero.

Tinaona Kachifuwa akuthamangira chitseko choyamba, mimba yonse pamtunda. Anakankha chitseko, n'kutulukira mbali inayo siketi ili m'mawondo. Anatembenuka kuyang'ana Kalonga, manja a malaya ali m'zigongono. Anatembenukanso kuyang'ana phiri, mapewa ali pamtunda. Anakweza lupanga, mchombo uwo. Analitsitsa, mchombo wapita. Chovalacho chinkakwera ndi kutsika ngati katani ya sitolo yomwe mwini wake sakudziwa ngati atsegule kapena atseke.

Wina kumbuyo anaphulika ndi phwete. Kalonga, mnyamata wa mano ambiri oyera amene ankayenda ndi kagalasi m'thumba, anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako onse anangoti chete, chifukwa Bwana Chipewa anali atavula chipewa. Pamutu pake panali mbee, thukuta lili ndondondo.

"Zitseko zisanu ndi chimodzi tinaphwasula kale," anatero pang'onopang'ono. "Matabwa ake ndi omwe tamangira chachisanu ndi chiwiri. Kubwereza sikutheka." Anatembenukira kwa Kachifuwa. "Ndiwe. Unadandaula tsiku loyamba, pamaso pa anthu onsewa. Chabwino. Mayi wa Makiyi afera pa chitseko choyamba. Mphepo imutenga, basi. Makiyi ali kale ndi Kalonga, filimu ikhala yake. Paliponse pomwe pali mtsikanayu, dulani. Ndipo ndionetsetsa kuti aliyense wopanga filimu amve zomwe wachita."

Kachifuwa anaimirira chilili. Sanandiyang'ane ngakhale pang'ono. Koma dzina langa silinatuluke pakamwa pake. Mwana ameneyu ndinamulera ndine.

Ine ndimaopa agalu, ndimaopa mphezi, ndimaopa masitepe oyenda okha, ndimaopa munthu aliyense wonyamula fayilo. Kuimirira pamaso pa abwana sindinachitepo chibadwire. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinadzuka.

"Abwana, pepani. Wasoka ndine. Mwanayu ngakhale kulowetsa ulusi m'singano sadziwa."

Ndinkafuna kuthera pomwepo, n'kupempha chikhululukiro. Koma maso anga anagwera pa buku lija, lomwe Bwana Chipewa anabwera nalo m'khwapa, lafulati, loyera, bwalo la kapu ya tiyi lili pachikuto. Pakamwa panga panapitiriza pokha.

"Ndinasoka monga buku linenera, abwana. Ndimayesa munangoiwala kutiuza."

"Buku linena chiyani?"

"Za chovala cha Mayi wa Makiyi. Si chija chimakula chokha ngozi ikayandikira, n'kufupika ngozi ikapita? Kaya, mwina ndinamva molakwa. Ine kuwerenga sindidziwa, ndimangomvera ena. Inu amene munawerenga ndi amene mukudziwa bwino."

M'chipindamo munali anthu oposa makumi awiri, onse a masukulu awo, ena mpaka a kunja. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Aliyense anapeza chochita ndi nsapato zake. Ndani anganene pamaso pa nkhalamba yosadziwa ndi "a" yemwe kuti mwezi wathunthu akupanga filimu ya buku lomwe sanalitsegule?

Bwana Chipewa anakhosomola. "Ee. Mbali imeneyo... ndikuikumbukira."

"Ili chapakatikati," anatero mlamu.

"Ndi mbali yomwe ine ndinaikonda kwambiri," anatero Kalonga.

Kachifuwa anatseka maso ngati munthu amene akupemphera, kapena amene akuwerenga mpaka khumi.

Mayi wodula filimu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ameneyo sindinamupusitse, ndinaona. Anabweza zithunzi m'mbuyo. "Koma agogo, tandithandizani. Apa akumenyana ndi mphepo yaikulu, ngozi yeniyeni, koma chovala n'chachifupi zedi. Apa wakhala pamwala ndi Kalonga, kuli bata, akumugwira dzanja, chovala chafika m'mawondo, khosi lomwe latsekeka. Zikugwirizana bwanji?"

Zachikondizo anajambula kumapeto, nsalu itachuluka. 

"Ndiye mwaona nokha, mayi. Mphepo imaoneka kuti ndi mphepo, umadziwa pothawira. Koma mwamuna amene wakusungira makiyi a pakhomo pako, n'kumakusekerera mano onse ali panja, chovala chisatalike pamenepo chidzatalika liti?"

Azimayi onse m'chipindamo anaseka, wophoda nkhope mpaka anakhala pansi. Kalonga anatseka pakamwa, koyamba chiyambire. Mayi wodula filimu anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka.

Bwana Chipewa anabweza chipewa pamutu. Anayang'ana zithunzi zija kachiwiri, mutu utapendekeka. "Zili ndi tanthauzo lozama," anatero. "Ndi zomwe ndinkafuna kuyambira pachiyambi, kungoti anthu simumva msanga. Musadule kanthu." Mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anawonjezera, "Lolemba kukubwera mayi amene analemba bukuli, kudzaonerera chitseko chomaliza. Adzasangalala kuona kuti ngakhale zing'onozing'ono tazisunga."

Musamaname Lachisanu. Bodza la Lachisanu limakhala nawe Loweruka ndi Lamlungu lonse.

"Agogo, mwanama pamaso pa anthu makumi awiri," anatero Kachifuwa tili kunyumba.

"Si iwe unati ndisalankhule?"

"Ndiye mwalankhula!"

"Ukanakonda kufera pa chitseko choyamba?"

Anatenga buku lathu, n'kulisanthula tsamba ndi tsamba, kufuna mzere ngakhale umodzi wonena kuti chijasi chinatalika, kaya ndi mvula, kaya ndi kuchapa. Ine ndinkadziwa kuti mulibe. Chijasi cha Mayi wa Makiyi chimayamba chili m'akakolo, chimatha chili m'akakolo. Ndinaganiza zodwala, koma kunamizira matenda kumaitana matenda. Lolemba m'mawa ndinavala epuloni yanga ya matumba, n'kuikamo mankhwala a mutu, mpango, ndi sokosi zapadera, poti munthu sudziwa komwe ukagone.

Mayi wolemba buku anafika cha m'ma teni. Ndinkayembekeza chimunthu chachikulu cha mawu a bingu. Anali kamayi kakang'ono ka imvi, kovala juzi dzuwa likuswa mtengo, chikwama chachikulu chili pamkono. Atachitsegula kuti atenge magalasi ndinasuzumiramo: ambulera, pulasitala, tochi, kabotolo ka madzi. Ndinati mumtima, uyu ndi wathu. Koma wathu ndi amene amakugwira msanga.

Anamuonetsa zithunzi zija. Ataona mimba ya Kachifuwa, anatseka chikwama. Ataona lupanga, anapuma mozama. Ataona Kalonga akugwedeza makiyi pa chala, anafunsa kuti, "Uyu ndi ndani?" ndipo atamuuza anangoti, "Oho." Kenako chovala chinayamba kukwera ndi kutsika, iye n'kuweramira kutsogolo.

"Mwaona, mayi," anatero Bwana Chipewa, chifuwa chili patsogolo. "Chovala chokula ngozi ikayandikira. Monga munalembera."

"Monga ndinalembera?"

"Ndendende. Agogo awa ndi amene anasoka."

Mayiyo anatembenuka, n'kundiyang'ana kuyambira kumpango wa kumutu mpaka ku matumba a epuloni. "Ndikufuna ndione misoko yake pafupi," anatero. "Agogo, tiyeni."

Tinalowa m'kachipinda kosokera, iye n'kutseka chitseko.

"Agogo, zimenezi zili patsamba liti?"

"Ine sukulu sindinapite, mayi."

"Buku langa mumalidziwa?"

"Thumba loyamba machesi," ndinatero. "Lachiwiri mchere. Lachitatu chingwe, lachinayi mulibe kanthu chifukwa n'lobooka ndipo amangoti asoka mawa. La khumi ndi chiwiri mafuta a loko. La makumi atatu ndi chimodzi muli dzino la mwana wake wachisamba, lomwe amaligwira akachita mantha."

Mayiyo anakhala pansi, pampando wanga womwe. 

"M'shedi muno muli anthu makumi asanu," anatero. "Amene wawerenga buku langa ndi inu."

"Ndi mwanayo, mayi. Ndi amene ankandiwerengera. Mayi wanu uja amamukonda, kungoti anamuuza kuti akatsegula pakamwa amuchotsa. Ankatsokomola, mayi. Mafani anayi, madzi pamsana, kansalu ngati ka m'thumba. Ine ndinangofuna kumufunditsa, zinazi zinabwera zokha. Mukanena zoona kunjaku, amudula m'filimu yonse, ndipo sadzapezanso ntchito ina. Ngati pali wolangidwa, ndilangeni ine. Sokosi ndatenga kale."

Anayang'ana chovala chija pomwe chinapachikidwa, n'kuchitembenuza, n'kupeza kathumba kanga ka m'kati. Analowetsamo zala, n'kutulutsa switi. Anaisenda, n'kuiponya m'kamwa.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikuwalembera makalata," anatero switi ili m'tsaya. "Ndinapempha ana, anakana. Ndinapempha imvi, anakana. Ndinapempha thumba limodzi lokha, anati limawononga maonekedwe a chiuno. Inu mwangotenga singano." Anayamwa switi ija. "Nsalu yatsala yochuluka bwanji?"

"Mpukutu wathunthu," anayankha mawu a kumbali kwa pakamwa kuseri kwa katani. Anali Mayi Sizasi. "Makoswe sanaupeze."

Titatuluka, onse anali chilili kudikira. Kachifuwa anali atagwira lupanga ngati ndodo ya nkhalamba.

"Bambo, mwagwira ntchito," anatero mayi wolemba. "Ambiri mbali imeneyi amaidumpha."

Bwana Chipewa anagwira chipewa mwaulemu.

"Ndiye za chitseko chomaliza mukuzidziwa kale. Pamenepo ngozi ndi yoposa zonse, chovala chimafika m'akakolo, matumba makumi anayi. Makiyi amatulutsa yekha m'thumba lake."

"M'akakolo?" Mawu a Bwana Chipewa anatuluka ang'ono. "Nanga... nanga Kalonga?"

"Agwire nyale. Pamafunika wowunikira." Anamuyang'ana mokoma, ngati mphunzitsi wa ana aang'ono. "Kumapeto kwa buku munafika, si choncho?"

"Kawiri," anatero Bwana Chipewa.

Anaimitsa kujambula masiku awiri. Tinasoka atatu: ine, Mayi Sizasi, ndi mayi wolemba, amene matumba ake ankatuluka okhota moti ndinkawasosola iye akapita kukamwa madzi. Thumba lachinayi la mumzere woyamba ndinalisiya lobooka dala.

Lachinayi m'mawa mafani anayi analira. Kachifuwa anaima pa chitseko chachisanu ndi chiwiri, chijasi chikuuluka kumbuyo ngati mbendera, khosi lotseka mpaka kuchibwano. Kalonga anamenya loko ndi lupanga, lupanga n'kupindika, poti linali la malata. Mdzukulu wanga anamukankhira pambali ndi chigongono, n'kumupatsa nyale. Anasisita matumba mmodzimmodzi, osafulumira, milomo ikuwerenga. Pa la khumi ndi chiwiri anatulutsa kabotolo ka mafuta. Anadontheza katatu. Kenako kiyi. Palibe anamuuza kuti atsimphine, koma polowa pachitsekopo anakoka mwendo wakumanzere pang'ono, ndipo ndinamva mayi wolemba akufwenthera m'mpango pafupi nane.

Ana anayi sanabwerere. Zaka makumi asanu sizinabwerere. Kalonga alipobe, ndipo pachithunzi chachikulu choitanira anthu anaikapo cha tsiku loyamba, mchombo uli pakati penipeni. Singano ili ndi malire ake. Koma Kachifuwa ali m'filimu kuyambira chitseko choyamba mpaka chomaliza, ndipo chifuwa chinasiya. Chijasicho pansi pa magetsi aja chinamutulutsa tiziphuphu ta thukuta msana wonse, moti mlungu wathunthu sankandilankhula pomudzoza mafuta. Ndinamuuza kuti asamwe madzi a m'firiji thupi lili lotentha. Anamwa.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi china. Tsiku lomwe tinkalongedza zovala m'makatoni, ndinadutsa pa tebulo la Bwana Chipewa. Kapu ya tiyi inali pambali. Buku lija linali litayamba kutupa mimba, kapepala katatsekeredwa m'kati, pafupi ndi chiyambi. Mawa lake ndinapita dala kukatenga sizasi yomwe sindinaiwale. Kapepala kanali katasuntha. Ndinayeza ndi diso: chala chimodzi.

Ndinamuuza Kachifuwa aimbire mayi wolemba. Mayiyo anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti bukulo alisindikizanso chaka chamawa, ndipo awonjezeramo mizere iwiri ya chovala chokula chokha chapakatikati. Chaka chamawa! Bukulo kunenepa kwake ndi zala zinayi zokha. Ndamuuza afulumire, ndipo asamaseke akudya switi.